Namfedwa wa Pampando

Ndikawakumbukira agogo aNachisale, mphuno zanga zimadzaza fungo la mankhwala opaka aja olowa mpaka m'maso, losakanikirana ndi utsi wa palafini ndi mafuta okazingira magwinya, mandasi akuluakulu a kuno ku Joni, amene ankagulitsa pageti m'mawa uliwonse anthu akuthamangira mateksi a ku Midrand. Sanali agogo anga ondiberekera mayi kapena bambo ayi. Tinkangokhala pabwalo limodzi ku Ivory Park, iwo ndi amuna awo aMbewe m'kanyumba ka njerwa, ife mumkhukhu wamalata kuseri kwake, mpopi umodzi, chimbudzi chimodzi. Mayi anga ankalawirira kuntchito, ndiye ine ndikaweruka kusukulu ndinkafikira kwa aNachisale, ndipo ndinkawadziwa kuti alipo ndisanawaone, poti kayendedwe kawo kankamveka: phazi limodzi pha, linalo khweee, ndodo gu, kenako katukwano kakang'ono kotsitsira ululu.

Chiuno chakumanja chinali chitatheratu. Zaka zonse zimene anakolopa masitepe a mabwana, kunyamula ana a eni ndi zidebe zamadzi, zinadya mutu wa fupa la ntchafu mpaka mafupa ankangokhuzana okhaokha. Musaganize kuti anathamangira kumpeni. Anayesa zonse mayi aja! Mapilisi anamwa mpaka m'mimba munayamba kuotcha. Jakisoni wa m'chiuno anawapumitsa miyezi ingapo, ululu n'kubweranso uli ndi mkwiyo. Mafizo anachita, ndodo anagula, ndipo bambo wina wa kwathu anawatema mphini zoyambira m'chiuno mpaka pabondo. Mneneri wina wa ku Tembisa anawathira mafuta n'kuwalamula kuti ataye ndodo. Anaitayadi, nagwa pomwepo chagada, ndipo atawadzutsa anaitola ndodo ija n'kumuuza mneneriyo kuti akabwerezanso ailawa pamsana.

Adokotala a kuchipatala cha boma atanena kuti njira yatsala ndi yochotsa fupa lodyekalo n'kuikapo chitsulo, anthu anayamba kubwera ndi nkhani zawo. Wina anati mayi wina wa ku Troyeville bala lake linachita mafinya, anagona m'chipatala miyezi. Wina anati mlamu wake magazi anaundana m'mwendo. Wina anati mwendo umodzi umatsala wautali kuposa unzake. Zonsezi adokotala anali atawauza kale kuti zimachitikadi kwa ena, ngakhale ambiri amayenda bwino. Koma mayi wina wa kutchalitchi anawonjeza yake, kuti chitsulo chimakoka mphezi, ndipo mphezi za ku Joni mukuzidziwa.

"Mphezi ikafuna chitsulo iyambire madenga anuwa," anatero aNachisale akutembenuza magwinya. "Ine ndatopa n'kukwawa ngati mwana. Akandipha pabedi lawolo, andiphe ndikufuna kuyenda."

Anadikira pamzere wa odwala chaka chathunthu ndi miyezi, kenako anawaitana. Anabwerako ndi bala lalitali kumbali kwa thako, ndodo ziwiri ndi pepala la zithunzi limene ine ndinkawawerengera poti linali m'Chingerezi. Osakhala pampando waufupi. Osakhala pansi. Osanjuta, osapingasa miyendo, osawerama kutola chinthu. Chitsulo chija chinali ngati mpira wolowa m'kambale, ndipo ukapinda chiuno kwambiri minofu isanalimbe, mpirawo umaguluka.

AMbewe, nkhalamba ya m'migodi yokhosomola usana wonse, ndi amene anagwira lamulolo ngati Baibulo. Anakweza bedi ndi njerwa. Anasanjikiza mipando itatu yapulasitiki n'kuimanga ndi waya kuti ikhale mpando umodzi wautali. Tsiku lina aNachisale, mwa chizolowezi cha zaka makumi anayi, anayamba kutsika kuti agwade powapatsa madzi osamba m'manja, ndipo aMbewe anakuwa Chifanakalo cha kumgodi chimene sindinachimve, n'kumalizira m'Chichewa: "Imani, mayi! Ulemu wanu ndinaulandira kale wokwana. Mundipatse madziwo muli chiimire." Patangotha mwezi ndi theka aNachisale anali akuyenda ndi ndodo imodzi mpaka kusitolo, nkhope yawo itasalala. Mayi anga anati aka n'koyamba kuwaona akuseka mano onse.

Kenako kunagwa maliro a mwana wa banja lina la mumpingo mwathu. Kwathu, ngakhale kuno ku Joni, mwambo ndi umodzi: m'nyumba ya maliro amatulutsa mipando yonse, amayi amakhala pansi pamphasa ndi pamakatoni, abambo amakhala panja pamipando ndi pamakireti. ANachisale anafika masana, naima pakhomo atatsamira ndodo, ndipo palibe amene anawanyoza poyera. Anangowasendera malo pamphasa, maso onse ali pa iwo. Mayi wina anati chapansipansi, "Khalani, agogo, kanthawi kochepa si kanthu." Manyazi anawagwira. Anatsika pang'onopang'ono atagwira khoma, nakhala, naimba nawo nyimbo ziwiri.

Podzuka m'pamene zinachitikira. Anapinda bondo, anapotoza chiuno kuti agwire ndodo, ndipo ine amene ndinali pambali pawo ndinamva kuti gudu! Anakuwa mfuu imene mpaka lero imandidzidzimutsa. Koma tamverani zimene zinatsatira: amayi onse m'nyumbamo anaganiza kuti agogo ayambitsa maliro, ndiye anawalandira! Nyumba yonse inabuma, ena akudzigwetsa, ena akuwasisita pamsana kuti pepani, limbani mtima, pamene mwendo wawo unali utapotokera m'kati, utafupika ngati wa munthu wina. Panapita nthawi mpaka mayi anga anaona kuti agogo sakutchula dzina la mwana, akutchula mwendo.

Ambulansi sinathe kulowa m'kanjira kathu, anawanyamula pachitseko mpaka kumsewu. Kuchipatala anawagoneka tulo n'kubwezera chitsulo m'malo mwake, ndipo anabwerako atamangidwa lamba wolimba woyambira m'chiuno mpaka pantchafu, amene anakhala naye masabata ambiri. Adokotala sanawabisire. Anati chitsulo chikaguluka kamodzi chimaphunzira njira, ndipo chikabwerezanso angafunike kung'ambanso n'kusintha zonse, koma pa msinkhu wawo sangalonjeze kuti adzayenda ngati kale. Amayi a kumpingo anabwera kudzawazonda ndi malalanje. Amene anati kanthawi kochepa si kanthu uja anabweranso, nati, "Ndi chifuniro cha Mulungu." Agogo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mulungu sanandisendere mphasa," anatero. "Munandisendera ndinu, ine n'kupusa. Kupusa kumeneko ndamaliza."

Miyezi isanu itapita, chifuwa chija chinawatenga aMbewe. Thupi linali kumotchale kudikira ulendo wa kumudzi ku Dedza, ndipo anthu anasonkhana pabwalo pathu masiku anayi. Tsiku loyamba lomwelo kunafika mchemwali wawo wa aMbewe, aNambewe, kuchokera ku Troyeville, mayi wamtali wosadziwa kuseka, amene anayamba kulamula asanatule n'chikwama chomwe. Anatulutsitsa zonse za m'nyumba, anayala mphasa, naloza pakona pamene namfedwa amakhala, pansi, atafunda nsalu, miyendo atatambasula. ANachisale anatuluka, nabwerera akukoka mpando wawo wa mipando itatu uja, nauika pakona pomwepo, nakhalapo.

"Mlamu, n'chiyani chimenechi?" anafunsa aNambewe.

"Ndi mpando, mlamu."

"Mchimwene wanga wamwalira, inu mukhale m'mwamba ngati mwabwera kudzaonera mpira? Kodi mwambo munausiya pachipata cha dziko?"

"Mwambo ndikuudziwa, ndinakhalira pansi maliro a anthu kuyambira inu musanamere mabere. Koma m'chiuno muno muli chitsulo, ndipo chinaguluka kale pamphasa. Ndikakhala pansi masiku anayi, mudzandinyamula pachitseko."

"Tikuyalirani matilesi."

"Matilesi ndi pansi pomwe."

Amayi ena anayamba kunong'ona. Ndinamva ndi makutu angawa wina akuti mkazi wosakhalira pansi mwamuna wake akudziwapo kanthu pa imfayo. Mtima wanga unawawa koopsa, poti ndine amene ndinkawaona aNachisale akuwapukuta magazi aMbewe pakamwa, akuwaphikira phala, akuchapa zofunda ali chiimire pampopi atatsamira khoma. Anthu amene sanabwereko ngakhale kamodzi nkhalambayo ikudwala ndi amene anali ndi pakamwa patali tsiku limenelo. Anaitana akuluakulu a mpingo, abambo atatu, amene anakhala pakhomo n'kuyamba kuzungulira mawu, kuti agogo amvetse, kuti maso a anthu ndi ovuta, kuti mwina tsiku limodzi lokha. Kenako aNambewe anatulutsa chimene anasunga.

"Mvetsetsani, mlamu. Mukakhala pampandopo, m'galimoto yopita kumudzi malo anu mulibe. Sindingapite nanu kukachititsa manyazi mtundu wathu. Ndipo kumanda kwa mchimwene wanga simudzapondako."

Aliyense ankadziwa kuti si zoopseza chabe. Galimoto anapeza ndi aNambewe, mudzi unali wawo, ndipo aNachisale analibe mwana wamoyo wowayankhulira. Anayang'ana mphasa ija nthawi yaitali, moti ndinaganiza kuti atsika, ndipo mayi anga anali atayamba kale kulira. Koma anakweza mutu.

"AMbewe anandiletsa kugwada ali moyo, pamaso pawo. Ndiye ndidzithyole lero kuti ndisangalatse inu? Ndikapunduka, mundisambitsa ndinu, mlamu? Mudzachoka ku Troyeville kudzanditaira chikombe cha mikodzo? Misozi yanga siichokera m'matako. Ndilirira pompano."

Ndipo analiradi. Kulira kumene ndinakumva masiku anayi amenewo sindinakumvenso kwa munthu wina. Ankawaitana aMbewe ndi dzina lawo laubwana, ankawafunsa kuti madzi osamba m'manja apatsa yani, ankawakumbutsa za tsiku limene anatsika basi ku Joni ali ndi sutikesi imodzi. Ankalira ali pampando, mutu wawo uli pamwamba pa mitu ya amayi onse, owonekera kwa aliyense wodutsa pazenera. Amayi ena anasamukira kukona ina kuti asayandikane nawo. Mayi anga okha ndi amene anakhala pansi pafupi ndi mapazi awo, n'kumawasisita akatupa.

Tsiku lachisanu m'mawa anabweretsa bokosi kuti anthu atsanzikane. Galimoto ndi ngolo yake zinaima kumsewu wa tala, ndipo kuchokera pakhomo pathu mpaka kumeneko ndi mtunda ndithu, kanjira kokhotakhota ka miyala ndi madzi a sopo oyenda pakati. Abambo ananyamula bokosi. ANachisale anadzuka pampando wawo okha, anakana dzanja la aliyense, nalowa kumbuyo kwenikweni kwa bokosi, patsogolo pa aNambewe. Anayenda njira yonseyo, ndodo ili m'manja koma osaitsamira kwenikweni, akuimba nyimbo ya mpingo ndi mawu osasa. Anthu a Chizulu ogulitsa m'mbali mwa njira anavula zipewa.

Bokosi atalimangirira pangolo, achibale analowa m'galimoto. Panali mpando umodzi wopanda munthu, tonse tinauona, koma aNambewe anaikapo chikwama chawo n'kukoka chitseko. ANachisale sanapemphe. Anaika dzanja pangolo ija, nati, "Pitani bwino, aMbewe. Ndakuperekezani ndi miyendo yanga." Galimoto inanyamuka, iwo anaima mpaka inakhota, kenako anatembenuka n'kuyamba kubwerera kunyumba. Pakati panjira anaima n'kulira ngati mwana, chiimire.

Kumanda kwa amuna awo sanapondeko mpaka imfa yawo. Zimenezo zinkawapweteka, sindinama, ndipo panali masiku amene ankangokhala pageti maso ali kumpoto, magwinya akupserera. Koma chitsulo sichinagulukenso. Anayenda zaka zina zambiri, kupita kutchalitchi, kumsika, kumaliro a anthu omwe aja anawanena, kumene ankafika atanyamulitsa mpando wawo. Nditakula ndinawafunsa ngati sadandaula. Anati, "Ndimadandaula tsiku lililonse. Koma ndimadandaula ndikuyenda, Esinati."

Lero ndine mayi wa ana awiri, ndikukhalabe ku Ivory Park, ndipo amayi a mumpingo mwathu amandidziwa kuti ndine wouma mutu. Ndikafika pamaliro n'kuona mayi wachikulire ataima pakhomo, akuyang'ana mphasa ndi mantha, sindifunsa wapampando wa amayi kapena mwini maliro. Ndimapita kumene kwakhala abambo, ndimadzutsa mmodzi, ndimatenga mpando wake n'kulowa nawo m'nyumba. Mwezi watha mayi wina anandikoka chitenje n'kundinong'oneza kuti, "Anthu aziti chiyani?" Ndinamuuza kuti anthuwo adzatopa kunena lisanathe sabata, koma agogowa chiuno chawo n'chomwecho mpaka kumanda. Kenako ndinawagwira dzanja agogo aja mpaka atakhala.