Nyundo ya Alamu ndi Kompyuta ya Malemu

Mwamuna wanga atamwalira anandisiyira ana awiri, njinga ndi kompyuta. Kompyutayo anaitola pamene ofesi yogula thonje yomwe ankagwirako ukalaliki inkataya makina akale. Pofika kwathu inali itachita chikasu ngati mano a munthu wosuta. Sikirini yake inali yachinunda kumbuyo, yolemera moti poinyamula tinkagwirizana awiri. Bokosi lake, momwe munkasungidwa ntchito yonse, likayaka linkalira ngati chigayo chakutali. Kutsogolo kwa bokosilo kunali kakamwa kolowetsamo madisiki omwe masiku ano sapezekanso, ndipo ndinkatsekapo ndi thonje kuti mavu asamangemo.

Ndi makina amenewa ndinkalera ana anga pa Ngabu. Ndinkataipira aphunzitsi mayeso, ndipo a mipingo ankabweretsa mapulogalamu a maukwati.

Chaka china m'chilimwe kunabwera amuna awiri pa galimoto, akugula mafoni akufa. Anadzaza matumba, chifukwa nyumba iliyonse inali nawo. Mafoni a masiku ano amabwera atamatidwa, batire likatupa okonza amangoti gulani ina. Amunawo ankati makampani a kunja ali ndi njala ya tizitsulo ta m'kati mwake. Atachoka, nkhaniyo inakula m'kamwa mwa anthu. Pamsika zinamveka kuti m'masikirini akale muli mekyule wofiira, ndipo wopeza kasupuni kamodzi adzagula khola la ng'ombe.

Ndinayamba kuona akabaza akulozerana khomo langa. Tsiku lina kunabwera bambo wina wachilendo, ati akufuna ndimutaipire chikwangwani. Ndili kalikiliki iye anaika foni yake pambali pa sikirini n'kuuza mnzake panja kuti amuimbire. Foni isanalire, zilembo zinanjenjemera ndipo sipika inati tirititi. Zimenezi zinkachitika nthawi zonse foni ikakhala pafupi, koma bamboyo anatuluka osatsanzika, chikwangwani osatenga. Pofika madzulo Ngabu yense anali atamva kuti mekyule wa kwa mayi wamasiye uja amakoka foni.

Sabata isanathe alamu anga, mkulu wake wa malemu, anatulukira kuchokera ku Makhanga. Madzi anali atawakokolera mbuzi ndi mapira chaka chomwecho, ndipo ankagona m'chisakasa. Pamaliro iwowa ndi amene anati kompyuta itsale kwa ine, poti kwawo kulibe magetsi. Tsopano anakhala pampando, thumba lili pamiyendo, ndipo mpini wa nyundo unkaonekera.

Analankhula mofatsa, akusakaniza ndi Chisena. Anandikumbutsa kuti banja lawo linapereka malowolo, choncho katundu wa m'bale wawo ndi wa mtundu wawo. Ndinawapempha kuti atenge njinga.

"Nkhabe," anakana. "Mlamu, inu mwakhalira chuma, ana anga akudya nyika, timizu ta m'dambo."

"Mulibe kanthu m'menemo, alamu. Mng'ono wanu ankati sikirini isamatsegulidwe, imasunga moto ngakhale itazimitsidwa."

"Ankatero chifukwa ankadziwa zimene zilimo."

Panja anthu anali atayamba kusonkhana pansi pa mtengo wa nimu. Ndinkawamva akunong'onezana, ena atatsamira khoma langa. Ndinaona kuti ndikakana, sadzakhala alamu okha olowa m'nyumbamo. Ndinazula mawaya, ndipo ndinati atenge sikirini koma bokosi alisiye. Anayang'ana bokosilo nthawi yaitali. Ine ndinalitsitsa pansi n'kukhalapo ngati mpando. Pomaliza anakumbatira sikirini n'kutuluka nayo pabwalo.

Ndinkaonera pakhomo, ana ndawatsekera kuchipinda. Alamu anaika sikirini pamchenga wotentha, anthu anawazungulira. Nyundo yoyamba inangoterereka, galasilo linali lochindikala. Anavula malaya, anagwada, n'kumenya ndi manja onse awiri. Kunamveka kuphulika ngati tayala la lole. Anthu anabalalika, amayi ena akugwa, nkhuku zikuuluka. 

Koma sanapite patali. Wina atangoona fumbi lotuwa lili pa zidutswa za galasi, onse anabwerera akukankhana, poganiza kuti ndiye mekyule uja. Ankakokola fumbilo ndi manja, ena akumanga m'nsonga za zitenje, osasamala kuti zala zikuchekeka. Palibe amene anayang'ana alamu. Anali atakhala pansi, atagwira dzanja lamanja, magazi akudutsa pakati pa zala n'kumadontha m'chigongono.

Ndinaganiza za bokosi, ndinaganizanso za munthuyo. Ndinaitana mayi woyandikana nane, amene amagulitsa nsomba zouma, ndi kumupempha kuti andionere ana ndi nyumba. Ndinamanga alamu dzanja ndi duku langa, n'kuimitsa akabaza awiri. Tinalunjika kuchipatala. Mutu wawo unkagwera pamsana pa wopalasa, ndipo ine pambuyo ndinkangokuwa kuti asagone.

Pobwerera dzuwa linali litapendeka. Pabwalo panangotsala chikhokhombe chapulasitiki, ndipo m'nyumba bokosi munalibe.  Mayi wa nsomba uja anandikoka mwakachetechete mpaka kwake n'kuvundukula dengu lalikulu la nsomba. Bokosilo anali atalibisa pansi pa nsomba za makakana anthu atayamba kusuzumira pawindo.

Ogula mafoni aja atabweranso, anthu anawathamangira ndi timaphukusi tawo ta fumbi. Iwo anati za mekyule sanazinenepo, amangofuna waya wa kopa ndi timabolodi tobiriwira. Fumbilo linatayidwa m'mbali mwa msewu.

Ndinakhala miyezi ingapo osagwira ntchito, ndikugulitsa nsomba limodzi ndi mnzangayo. Nditapita ku Blantyre kukafuna sikirini ina, m'masitolo ankandiuza kuti zatsopano sizilumikizana ndi bokosi langa, ndilitaye ndigule zonse. Ndinaipeza yakale yopyapyala kwa wokonza mawailesi, ndipo ndi imene ndikugwiritsabe ntchito.

Alamu zala zawo ziwiri sizinapindikenso. Khasu amaligwira movutika, ndipo kudimba amalima ndi akazi awo ndi ana. Madzi akaphwa amanditumizira mbatata pa njinga. Tikakumana pamaliro a pachibale timapatsana moni mwaulemu, iwo akupereka dzanja lamanzere, ndipo za tsiku lija sitinazikambepo.