Mbande Pamiyendo, Makala Pansi Pathu

Tinanyamuka pa sukulu yathu ya ku Kanyama, mu Lusaka, Lachisanu, hafu pasiti sikisi m'mawa: ana makumi anayi ndi awiri a Giredi 7, aphunzitsi awo ba Mulenga, ndi ine. Ine sindinali mphunzitsi. Ndinali kholo la m'komiti ya sukulu, wogulitsa zitsulo za njinga pamsika. Dzina langa ndine Tembo, koma Kanyama yense ankanditcha ba Chotsaniko, poti mawu amenewo ndiwo ankayamba kutuluka m'kamwa mwanga pa malonda alionse. Ndinanenererapo ngakhale bokosi la maliro, mpaka kalipentala analira kuposa ofedwa.

Zinali zaka zija tinkayenda ndi khadi la chipani m'thumba, n'kumaima pamzere wa sopo. Boma linkafuna kuti ana asamangophunzira m'kalasi, ndiye linkapatsa masukulu ena kandalama koti ana akaone zinthu ndi maso. Ba Mulenga, mayi wa ku Kasama wosachulutsa mawu, analemba makalata zaka ziwiri kuti ana a m'komboni nawonso akaone nazale ya mitengo ya boma, cha ku msewu wa Mumbwa. Ndalama zitabwera, zinabwera ndi fomu. Mkulu wa ku nazaleko anayenera kulembapo mmene ulendo wayendera, n'kudindapo. Fomu ikakoma, chaka chamawa ana ena adzapitanso. Ikaipa, kwatha, pakuti masukulu opempha anali ambiri.

Pa ndalamazo panali K60 ya galimoto, ndipo komiti inandituma ine.

"Ba Tembo, iyi ni ya basi," anatero ba Mulenga pondipatsa. "Mupeze chabe basi."

Ine kupereka K60 yonse, osachotsako? Dzanja likanafota. Ndinapita ku Chawama kwa ba Saidi, mwini lole, amene makolo ake anachokera ku Malawi, munthu wosanama ngakhale pa malonda. Anayambira pa K55. Ndinachoka katatu, ndinabwerera katatu. Ndinatchula ana amasiye amene m'kalasimo munalibe. Tinakumana pa K35.

"Pa iyo ndalama, ba Chotsaniko, popita lole ni yanu. Pobwela ni ya tonse. Nili na katundu panjila."

"Katundu ni katundu," ndinatero, n'kuwombana nawo m'manja.

Kwathu kumsika mukawombana m'manja nkhani yatha, ngakhale mfumu siibweza. Sindinafunse kuti ndi katundu wanji. Makutu anga anali atamva nambala, zina zonse zinali mphepo. K25 yotsalayo ndinagula mabanzi, majarini ndi zakumwa za m'botolo za ana onse, ndipo ndinagona ndikudziona ngati nduna ya zachuma.

Ndiye m'mawa uja ba Mulenga anayang'ana lole, anayang'ana ine.

"Basi ili kuti?"

"Si maphunzilo a panja, ba ticha? Tayambila pompano."

Ana anaseka n'kukwera. Ba Mulenga sanaseke.

Cha m'ma seveni, titangotuluka m'tauni, tinapeza migolo ya asilikali itatseka msewu. Msilikali anasuzumira kumbuyo.

"Muwapeleka kuti aba?"

"Kukaphunzila mitengo, bwana."

"Ku Kanyama kulibe mitengo?"

Mwana wanga Enelesi, amene anatengera pakamwa panga, anayankha ali kumbuyoko: "Ulipo umodzi wa mapapaya, koma uli na mwine wake!"

Msilikali anaseka mpaka mfuti inagwedera, n'kutikwezera dzanja kuti tidutse.

Hafu pasiti eyiti tinaima pa mphambano ya ku Nampundwe kuti lole imwe madzi, chifukwa inali itayamba kupuma utsi ngati ketulo. Inali nyengo ya masuku. Mayi wina ankagulitsa mbale imodzi teni ngwee. Ndinamutsitsa mpaka seveni, ndinapemphanso mbasela, kaja koonjezera pamwamba.

"Imwe atate, mufuna nikupatseni na mbale yomwe?"

"Ngati ni yotoboka, bwelesani."

Ndinali pa chimake cha ulemerero wanga. Ndikanadziwa, ndikanamulipira mayiyo teni ngwee yake.

Tinafika pa nazale teni koloko. Anatilandira ba Hamoonga, mkulu wa pa nazalepo, bambo wamtali woonda, wa kabudula wa kaki ndi masokosi ofika m'mawondo. Munthu ameneyu ankadziwa ntchito yake. Anatikita masamba m'manja n'kuwanunkhitsa ana mmodzimmodzi. Anakanda khungwa la mlombwa, utomoni wofiira n'kutsika ngati magazi, ndipo ana a Kanyama, amene satseka pakamwa ngakhale m'tchalitchi, anangoti zii. Anawaphunzitsa kudzaza dothi m'timapepala takuda ndi kuika njere. Ndinaona ba Mulenga akumwetulira, koyamba chichokereni kunyumba.

Kenako anatikweza pa kachitunda n'kuloza tsidya la mtsinje. Kunali zitsa zokhazokha, ndi utsi ukufuka apo ndi apo.

"Pamene n'nabwela kuno, uko sunali kuona dzuwa," anatero. "Manje vonse vinapita ku Lusaka mu masaka."

Ankanena makala, amene ife kuno timati malasha. Amene anapukusa mutu kuposa onse ndinali ine.

"Anthu alibe chisoni!" ndinatero mokweza, kuti ba Hamoonga andimve. Anandimvadi.

Mwana aliyense anapatsidwa mbande imodzi yokabzala kusukulu. Masana tinadya mabanzi anga pansi pa mtondo, ndipo ana anandiimbira m'manja.

Thu koloko, tikukwera, ba Hamoonga anatulukira ndi chikwama.

"Munganitengeko mpaka m'tauni? Nili na malipoti yopeleka. Fomu yanu nizalembela konko, chidindo chili muno."

Ndinawapatsa malo anga a kutsogolo ndi manja awiri, ine n'kukwera kumbuyo ndi ana. Sitinayende mtunda wautali. Lole inasiya msewu, inakhotera kumanzere m'kanjira ka mchenga, inawoloka mtsinje. Tinaima pakati pa zitsa zija, zomwezija tinkaziona tili pachitunda, ndipo m'mbali mwa njira munali masaka makumi atatu a makala atandandalikidwa bwinobwino, kudikira ife.

Ba Hamoonga anatsika pang'onopang'ono. Ba Saidi anatulutsa chilolezo chawo chonyamulira makala m'thumba la malaya n'kuwapatsa. Anachiwerenga mpaka pansi.

"Pepala lili bwino," anatero, n'kubweza. Akanakalipa, bwenzi ndili ndi poyambira.

Ndinakokera ba Saidi kuseri kwa lole.

"Ba Saidi, napapata. Siyani, muzabwela mailo."

"Mafuta ya mailo azagula ndani? Bwezani K25 ija munachosa, niwasiye pano."

Ndinagwira m'thumba, ngakhale ndinkadziwa. K25 inali m'mimba mwa ana. Ndinavula wotchi kuti ndiwapatse m'malo mwa ndalamayo.

"Ija imaima pa folo koloko? Munafuna kunigulisa chaka chatha." Anandiyang'ana mopanda mkwiyo. "N'nakuuzani, ba Chotsaniko. Tinawombana m'manja."

Anandiuzadi. Moyo wanga wonse ndakhala ndikupeza mawu otsiriza pa malonda, koma tsiku limenelo ndinangovalanso wotchi yanga.

Ana anatsika, masaka anakwera, ana anakwera pamwamba pa masaka, aliyense mbande yake pamiyendo. Ba Mulenga anatuluka kutsogolo kuja, anamanga chitenje, n'kukwera kumbuyo kukakhala kumapeto kwenikweni, kumene mwana akanatha kugwa. Sanandiyang'ane. Anangowerenga ana kawiri n'kumenya pa chitsulo kuti tizipita.

Tili m'njira, fumbi lakuda likutilowa m'maso, Enelesi anandikoka malaya.

"Atate, aya malasha ni ya pa vitsa vija?"

"Gwilila bwino mbande yako."

"Munati anthu alibe chisoni."

"Nati gwilila mbande."

Pa migolo paja tinapeza msilikali yemwe uja. Anayang'ana masaka, anayang'ana ana.

"Mwaphunzila bwino! Naona mitengo mwabwela nayo yakupsa kale."

Ulendo uno palibe anaseka, ngakhale Enelesi.

Tinalowa m'Kanyama faifi koloko. Azimayi anali atasonkhana pa geti la sukulu kudikira ana awo. Malaya oyera amene anachapidwa ndi sopo wa pamzere anabwera akuda ngati kunsi kwa mphika. Koma mayi wina, amene analibe mwana paulendowo, sanaone ana. Anaona masaka. Anathamangira kwa ine ndikungotsika kumene.

"Ba Chotsaniko, ni zingati saka?"

Abale, zimene zinachitika pamenepa sindinauzepo mkazi wanga. Pakamwa panga panayankha pokha, mutu usanafunsidwe.

"Thu kwacha, koma pakuti ndimwe..."

Ndinaimira pomwepo. Ba Hamoonga anali kumbuyo kwanga, fomu ataitsamiritsa pa chitseko cha lole, cholembera chili m'manja. Anandiyang'ana, n'kupitiriza kulemba. Analemba nthawi yaitali. Anapumira chidindo, anadinda, anapereka kwa ba Mulenga, n'kutsanzika ana mwaulemu.

Ba Mulenga anawerenga, anapinda pepala kanayi.

"Alemba chani, ba ticha?"

"Alemba vimene aona."

Ndinayamba kufotokoza za mabanzi, za K25, zoti ndinkafuna kuthandiza. Anandilola kulankhula mpaka mawu anandithera okha. Kenako analoza mbande zimene ana anali atazindandalika m'mbali mwa khoma.

"Tizabyala pa Mande. Ana ali na mayeso, sangatape manzi. Muzatapa ndimwe. Ndowa folo m'mawa, folo m'mazulo, mpaka mvula ikhazikike."

Mpopi unali kutali, kuseri kwa msika, pamzere wa azimayi. Ndowa zisanu ndi zitatu! Ndinamva mawu anga aja akukwera pakhosi monga mwa masiku onse. Ndinawameza.

"Folo na folo, ba ticha."

Chaka chotsatira ndalama sizinabwere. Tinamva kuti zinapita ku sukulu ina ya ku Matero, ndipo ana a kumeneko anapita pa basi. Ba Mulenga anayambanso kulemba makalata, koma mpaka anasamutsidwa, ana a Giredi 7 a kwathu sanakwerenso galimoto ya sukulu. Sanandinenepo kwa komiti ngakhale kamodzi, ndipo zimenezo zinandiwawa kuposa ndowa.

Ndinkakhulupirira kuti ukatsitsa malonda, ndalamayo wailanda kwa wogulitsa. Paulendo uja ndinaona kuti nthawi zina amalipira ndi munthu amene sanalipo powombana m'manja. Mwa mbande zija inakula mitengo isanu ndi iwiri, ndipo lero ana amadyera pamthunzi pake. Ndikamadutsa pamenepo ndimawolokera tsidya lina la msewu, ndimayenda padzuwa.