Ndinkamenya sitata yosalakwa

Inu owerenga, makamaka anzanga oyendetsa magalimoto okalamba, ndikuvomera poyera kuti ndinataya mwana chifukwa cha liwuma langa. Sindinganamizire munthu kapena ufiti.

Ndili ndi kavani kakale komwe ndimanyamulira amayi a tomato ndi kabichi kuchokera ku Namitambo kupita ku Limbe. Kwa miyezi inayi kankavuta polira. Ndikapotokola kiyi kankangoti tcha, kenako zii. Ine, katswiri wodzipatsa ndekha udindo, ndinagamula kuti vuto ndi batire, n'kugula latsopano. Sipanathe sabata, matenda aja anabwerera. Apo ndinati wolakwa ndi sitata. Ndinkalowa pansi n'kuigogoda ndi sipanala, ndipo nthawi zina galimoto inkaliradi. Zikakanika, makasitomala ankatsika n'kukankha. Ndinazolowera kuimika pamtsetse paliponse, mpaka pasiteji anandipatsa dzina loti Atikankhe, ine n'kumaseka nawo.

A Damiano, makaniko wachikulire wa pa Njuli, anandiuza kawiri konse kuti ndiwasiyire galimotoyo m'mawa umodzi wokha aipime. Ndinawayankha mwamatama kuti woyenda yekha sagonekedwa m'chipatala.

Tsiku lina m'dzinja, dzuwa litakwera, apongozi anga anandiimbira kuti mkazi wanga, yemwe anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu, wayamba kutaya magazi. Ndinatsitsa anthu pasiteji n'kuthamangira kunyumba. Injini sindinazimitse. Tinamugoneka pampando wakumbuyo, mutu pamiyendo ya mayi ake, ndipo ndinadzera njira yachidule yafumbi yopita kuchipatala cha mishoni.

Pali malo pomwe msewuwo umatsetsereka n'kuwoloka kamtsinje. Mvula inali itagwa dzulo lake. Pofuna kuzemba matope ndinasiya kilatchi mofulumira, injini n'kuzima. Kutsogolo chitunda, kumbuyo chitunda. Ndinapotokola kiyi. Tcha.

Ndinagona m'matope momwemo n'kuyamba kumenya sitata ngati yandilakwira. Abambo awiri omwe ankapalira m'munda wapafupi anabwera kudzakankha, koma mapazi awo ankangoterereka. Wakabaza wanjinga yamoto anaima, koma mkazi wanga sakanatha n'kukhala tsonga komwe. Poyamba ankabuula. Kenako anasiya kubuula, ndipo chimenecho n'chimene chinandiopsa kwambiri.

Apongozi anga, omwe chikwatirire sanandiyang'anepo m'maso, anandiyang'ana. "Apongozi, nsalu yachitatu iyi yanyowa," anatero motsitsa mawu.

Manyazi anandithera, ndinaimbira a Damiano.

"Siyani kumenya sitatayo, achimwene," anatero. "Yatsani magetsi akutsogolo, wina aziyang'ana, inu mupotokole kiyi."

Mmodzi wa abambo aja anakuwa kuti magetsi akumazimiratu ndikapotokola.

"Batire ndi latsopano, eti?" anafunsa a Damiano pafoni. "Ndiye moto ukutsekeka panjira. Gwirani mawaya akuluakulu a batire mmodzimmodzi. Wotenthayo ndi ameneyo."

Ndinatsata waya wakuda wonenepa wochoka pabatire kukamangidwa kuchitsulo cha galimoto. Kumapeto kwake kunandiwotcha chala. Nati yake inali itamasuka, pansi pake dzimbiri lokhalokha. Ndinapala ndi mpeni wa abambo aja, n'kumanga ndi sipanala yomwe ija ndinkamenyera sitata. Sizinanditengere mphindi zisanu. Nditapotokola kiyi, injini inalira kamodzi n'kamodzi ngati yatsopano. Sitata inalibe vuto lililonse. Kugogoda kwanga kuja kunkangogwedeza waya, n'chifukwa chake nthawi zina zinkatheka.

Pachigwa paja tinakhalapo kupitirira ola. Kuchipatala anamuthamangitsira mkazi wanga ku opaleshoni, ndipo ndinayendayenda pakhonde osatha kukhala pansi. Namwino atatuluka anandiuza kuti mayiyo amupulumutsa, koma mwanayo, wamwamuna, mtima wake unasiya kugunda titangotsala pang'ono kufika. Sanandidzudzule. Ndikanakonda akanandikalipira.

Mwa mwambo wathu, mwana wotere amakamuika amayi okhaokha, mwakachetechete, popanda maliro. Ine ndinakhala pakhomo n'kumawaona akupita. Nkhope yake sindinaione. Mkazi wanga anachira, ndipo sananenepo kuti ndine wolakwa, koma mpaka lero amakwera minibasi za anthu ena.

Inu owerenga, galimoto ikayamba kuti tcha, musathamangire kugula zida kapena kumenya zitsulo. Yambani ndi zazing'ono: mitu ya batire, mawaya ndi manati ake. Zikakukanikani, pitani kwa odziwa tsiku lomwelo, ngakhale ulendo umodzi ukupiteni. Musadalire okankha, chifukwa pali malo pomwe ngakhale anthu ofunitsitsa kukuthandizani sangathe. Ine ndinakana kupereka m'mawa umodzi, ndipo mwana wanga sindikudziwa n'komwe pomwe anagona.