Botolo la Achimwene Ndinathira Ndekha

Sukulu ndinalekezera Fomu 2, ndipo musandifunse chifukwa. Ntchito anandipezera ndi achimwene anga a Layisoni, amene ankapopera mankhwala ophera udzu ku esiteti ya tiyi. Iwo ankagula mankhwala azitsamba kwa a Muhiwa pa Limbuli. Atamva kuti mkuluyo akufuna wosinja, anandikweza panjinga kukandisiya.

A Muhiwa ankapanga chinthu chimodzi chokha: madzi otsuka chiwindi. Ogula anali opopera a m'maesiteti ndi alimi a tomato. Ine ndinkathyola masamba a chammwamba ndi nimu, n'kuyanika pamphasa pamthunzi, chifukwa dzuwa akuti limapha mphamvu. Akauma ndinkasinja mumtondo n'kusefa. Ufawo tinkawiritsa mumphika waukulu pamodzi ndi makungwa ena amene abwana ankabwera nawo okha m'thumba. Madzi akazizira ndinkakuntha pansalu yoyera n'kuthira m'mabotolo. Mlingo unali kapu imodzi m'mawa. Kapu yaikulu bwanji, palibe ankafunsa.

Ndinkanyada nayo ntchitoyo. Botolo la achimwene ndinkathira ndekha, la pansi pa mphika, lakuda bii. Iwo anafika posiya kuvala magolovesi ndi chophimba pamphuno popopera, akuti zimatentha.

“Ndivutikirenji, dokotala ndili naye pakhomo?” ankatero, akundigwira pamutu. Ine kumaseka. Chitsiru.

Mvula itayamba, maso awo anasanduka achikasu, mkodzo ngati tiyi wopanda mkaka. Ndinathamangira kwa abwana.

“Ndi poizoni akutuluka ameneyo,” anatero a Muhiwa, osatembenuka n'komwe. “Awonjezere kapu yamadzulo.”

Alamu anga, akazi a achimwene, ankafuna tipite kuchipatala. Amene anawaletsa ndine. Ndinabwereza mawu a abwana ngati ndime ya m'Baibulo.

Patapita masabata awiri achimwene analephera kudzuka, mimba itatupa ngati ng'oma. Tinawakweza pakabaza, tinawamanga ndi chitenje kumsana kwa wopalasa, ine ndikuthamanga pambali mpaka kuchipatala.

Namwino anafunsa ngati akumwa chilichonse. Ndinatulutsa botolo.

“Muli chiyani umu, mwanawe?”

“Chammwamba, nimu, ndi makungwa.”

“Makungwa a mtengo wanji?”

Miyezi isanu ndi iwiri ndikuwiritsa chinthu chimene dzina lake sindinkalidziwa. Namwinoyo sanakalipe. Bola akanakalipa. Anangoti, “Mukanabwera maso atangoyamba chikasu.” Adokotala anati sangadziwe ngati chiwindi chinaonongeka ndi zopopera, ndi botolo, kapena zonse ziwiri.

Achimwene anatsegula maso achikasuwo n'kundiyang'ana. “Dokotala wanga, wayamba kulira? Odwala ako tithawira kuti?” Anamwalira Lachinayi.

Titaika maliro ndinapita kwa a Muhiwa ndi funso limodzi: dzina la mtengo uja.

“Chinsinsi cha makolo chimenecho, iwe,” anatero.

Ndinagubuduza mphika ndi phazi, n'kuchoka.

Sindikunena kuti mitengo yonse ndi yabodza. Mwina ina imathandizadi chiwindi, akafufuze amene anatsiriza sukulu. Chimene ndikudziwa ine n'chakuti botolo silivalidwa m'manja, ndipo maso akasanduka achikasu, njira ndi yakuchipatala tsiku lomwelo. Chimene sindikudziwa dzina lake sindimwetsanso munthu.

Magolovesi aja alamu anawapeza pansi pa bedi, akadali atsopano. Anandipatsa ine. Ndimawasunga.