Tsiku Limene Mayi Anasanduka Azakhali

Ndikukumbukira chaka cha njala ija, kumudzi kwathu kufupi ndi Thambani, pamene tinkathyola manachesi osapsa n'kumadya tikukwinya nkhope. Ndinali mu Sitandade 2. Bambo anali atalowera ku Tete osabwerako, ndipo mng'ono wanga Tadala miyendo inali itayamba kutupa. Kenako kunamveka kuti a bungwe lina akubwera kudzagawa ufa wa phala kwa ana amasiye, opanda bambo ndi mayi omwe. Njala tinali nayo yokwanira, koma vuto linali limodzi: mayi anali moyo.

M'mawa wa tsikulo anandiveka diresi long'ambika kukhwapa, mafuta osandidzoza. Anagwada n'kundigwira chibwano.

"Akakufunsa, ukanene kuti mayi ako anamwalira. Ine ndine azakhali ako. Wamva?"

"Nanga mwamwalira liti, amayi?"

"Iwe, usandichedwetse!"

Mutu wanga unaima. Mayi omwewa anali atandithyapapo ndi kamtengo chifukwa chonamizira mphaka kuti wanyambita shuga. Lero bodza ankandiphunzitsa okha, mpaka kundibwerezetsa ngati ndakatulo ya kusukulu.

Pabwalo la sukulu panali fumbi, thukuta ndi fungo la soya lochokera m'matumba. Mayi wina wa bungwe lija, wa magalasi, wonunkhira sopo wa m'tauni, anandigwira paphewa.

"Amayi ako ali kuti, mwanawe?"

Ndinacheuka. Anali pomwepo kumbuyo kwanga, manja atapinda, maso pansi. "Anamwalira," ndinatero, ndipo ndinalira zenizeni, poopa kuti mawu angawo awapha. Alendo aja anagwidwa chisoni, anandijambula, n'kuwayamikira azakhali chifukwa cha mtima wawo wabwino. Azakhaliwo anawomba m'manja mwaulemu, n'kusenza thumba.

Phala tinamwa, Tadala anadzuka n'kuyambanso kuthamangitsa mbuzi. Koma ine ndinasokonezeka kwa miyezi. Kumsika ndinkasowa chowaitanira, ndiye ndinkangowakoka chitenje. Anzanga ankanditchula wamasiye wa feki. Mkulu wa mpingo anati chinali chinyengo, pomwe amayi a pachitsime ankati n'kuchenjera. Aliyense anali ndi dzina lake la zomwe tinachita, ndipo ndinkalephera kudziwa lolondola. Nditawafunsa mayi, anangoti, "Mbale yako ija watsuka?"

Masiku ano ana anga amazindikira zafeki pa foni ine ndisanavale n'komwe magalasi, ndipo amandiseka kuti ndine wosachedwa kupusitsidwa. Mwina akunena zoona. Za tsiku lija, dzina lake sindinalipezebe.

Mayi anadzamwaliradi ine ndili ndi banja langa kale. Ndinatuluka m'wodi pa chipatala cha pa boma, n'kumuimbira Tadala. "Amayi amwalira," ndinatero. Mawuwo anatuluka mosavuta, ngati ozolowera njira. Ndiye ndinacheuka, mzimayi wamkulu ndithu, kuti ndione ngati aima kumbuyo kwanga, manja atapinda.