Matenda a Tambala wa a Zefaniya

Fakitale ya nsalu itatsekedwa ku Chegutu, a Zefaniya anatha zaka akungogona choyang'ana kukhoma, osayankha ngakhale moni. Mwana wawo Enesi atawakokera kwa mlangizi ku kiliniki ya ku Kadoma, iwo anakwapatira tambala, poti mwamuna saulula za mumtima.

"Wodwala ndi uyu, mayi. Salira m'mawa, akuti palibe chodzukira."

"Zinamuyamba liti, bambo?" anafunsa mlangiziyo, osaseka.

Sabata iliyonse a Zefaniya ankafotokoza madandaulo a tambalayo: ntchito inamuthera, mkazi anamwalira, anzake amawathawa. Patapita miyezi anafika chimanjamanja, atameta ndevu.

"Wodwala uja ali kuti?"

"Tinamudyera nsima dzulo, mayi. Lero ndilankhula ndekha."