Pakona pofiira

Chaka chimene ndinkamaliza digiri yachiwiri ndinkakhala ku komboni ya Nabvutika, ndikuphunzitsa makompyuta kusekondale. Amayi anasiya munda wawo kumudzi kudzandilerera ana. Anabwera ndi kathumba ka mbewu ya nshawa, kapena kuti mtedza, kuopa kuti mbewa zingawathere, ndipo tinapangana kuti mvula isanagwe adzakhala atabwerera kukabzala.

Kafukufuku wanga anali wa kachipu, ubongo wa kompyuta, kochepa ngati chikhadabo. Mkati mwake muli tizigawo tambiri towerengera, ndipo timatumizirana mauthenga kudzera m'tinjira. Mwa kale, uthenga umatsata njira yoikika, kaya yadzaza kaya ayi. Ine ndinkafuna kuikamo woyang'anira, kapulogalamu koona tinjira tonse n'kumauza uthenga kodzera. Kachipu kenikeniko sindinakagwirepo. Zonse ndinkayesera pa laputopu, ndipo kuyesa kumodzi kunkadya masiku, osanena za magetsi athu ozimazima aja.

Zotsatira zinkandichititsa manyazi. Njira yangayo inkachedwa kuposa yakale. Aphunzitsi anga ku Lusaka ankangoti ndiyang'anenso, ine n'kutha miyezi iwiri ndikukonza woyang'anira amene analibe vuto.

Tsiku lina masana amayi, mwana ali kumbuyo, anaima pa laputopu paja. Panali chithunzi cha tizigawo tonse, timabokosi tondandalika ngati thireyi ya mazira, ndipo pothithikana mauthenga pankafiira. Anafunsa chifukwa chake pakona pomwepo pamakhala pofiira tsiku ndi tsiku. Ndinawayankha mwachipongwe kuti ndi mmene zimakhalira. Atachoka ndinayang'anitsitsa. Ife a makompyuta timayamba kuwerenga pa ziro, ndipo bokosi la ziro limakhala pakona. Woyang'anira uja ndinamuika pamenepo osaganiza n'komwe, ndiye uthenga uliwonse wokafunsa njira unkalimbirana tinjira tiwiri tokha tolowera pakonapo, chonsecho bokosi la pakati lili ndi tinayi. Kupusa kwake! Kumusuntha kunali kusintha nambala imodzi basi, koma kuyesa konse kunafunika kuyambiranso.

Ndinawapempha amayi kuti akhalebe milungu ina isanu ndi umodzi. Sanadandaule. Anangofunsa ngati tsopano zitheka, ndinati inde. Mvula inagwa patatha masiku anayi. Anzawo akaimba foni kuti abzala kale, ankayankhira kuseri kwa nyumba.

Pofiira paja panazilala, ndipo njira yanga inapambana yakale, ngakhale pang'ono. Tsiku limene ndinatumiza zonse ku Lusaka, mu Januwale, ndinabwerera kunyumba ndikuyenda ngati bwana. Pakhomo panandilandira fungo la nshawa zokazinga, ana akutafuna. Kathumba kaja kanali pansi, kopanda kanthu. Zinandiwawa kwambiri.

"Amayi, si mbewu ija imeneyi?"

"Nyengo yake yapita," anatero, akundipatsa mbale. "Idyako zikadali zotentha."